Tiyi Wozizira M'botolo la Bwana

Musandiombere m'manja, sindinayambe n'komwe. Amene muli pakhomopo lowani mutseke chitseko, eni nyumba ino sakonda phokoso. Dzina langa ndine Esnart, kwathu ndi ku Ndirande. Ambiri mumandidziwa ngati mayi uja ankabwera mochedwa kumapemphero kuno ku Hor Al Anz, mu Dubai muno, n'kukhala pakona akutafuna chingamu. Mayi Chisale, amene amatitsogolera pano, andipempha kuti ndipereke umboni, ndipo ndawachenjeza kale kuti wangawu si wotsekemera. Ndikadali wokwiya, ndipo ndilankhula mokwiya.

Botolo ili ndaliika patebulo dala. Musayang'ane kumbali ngati simunaonepo botolo chibadwire. Tifikako.

Ine kwathu ndinali wa zisudzo. Tinali ndi gulu lathu, tinkazungulira m'maholo a sukulu ndi a matchalitchi, anthu n'kumadzaza mpaka m'mawindo. Mbali imene inanditchukitsa inali ya mayi woledzera. Ndinkalowa pasiteji ndikudzandira, chitenje chikukwekwereka, botolo kukhwapa, anthu n'kumagwa ndi phwete. Chonsecho mowa ndinali ndisanaulawepo. M'botolomo tinkathiramo tiyi wozizira wopanda mkaka, chifukwa kwa munthu wokhala patali amaoneka ngati wisiki weniweni. Aliyense wa zisudzo amadziwa zimenezi.

Koma m'manja sadya. Abale anga ankandifunsa tsiku ndi tsiku kuti, kodi ntchito yeniyeni udzayamba liti? Ndiye kunabwera ejenti wopezera anthu ntchito kunja, wovala suti, wonunkhira ngati shopu ya mafuta. Anandiuza kuti ku Dubai mahotela akufuna anthu ovina ndi ochita zisudzo, ndipo luso langa likuwonongeka ku Ndirande. Munthu ameneyo ndikadzakumana naye, Mulungu adzandigwire manja. Nditatsika ndege sindinaone siteji. Ndinaona ndowa, mopu ndi yunifolomu yabuluu. Nditadandaula pafoni anandiyankha kuti, walira mvula walira matope, n'kudula.

M'nyumba yoyamba imene ndinagwiramo ntchito ndinaphunzira mawu awiri, inde madamu. Eni ake amangoti yalla, yalla, kutanthauza fulumira, kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa. Ine munthu amene mawu anga ankafika kumbuyo kwa holo popanda maiki, ndinkauzidwa kuti ndizilankhula motsitsa chifukwa mwana wagona. Tsiku lina la ofu mnzanga wa ku Zambia ananditengera kuchipinda china, msewu wachiwiri kuchoka pano, kumene amagulitsa zoledzeretsa zija zothira m'mabotolo a madzi. Ena mukukudziwa, musandinamize ndi nkhope zoyerazo. Ndinamwa kapu imodzi, mkwiyo wonse unagona pansi. Ndinati eya, mankhwala ndawapeza. Posakhalitsa kapu inasanduka botolo, ofu yokha inasanduka sabata yonse, ndipo botolo la madzi silinkachoka m'chikwama changa. Nyumba imeneyo anandichotsa ati ndimaswa mbale. Yachiwiri ati ndimagona masana. Kwa amayi anga kumudzi ndinkangotumiza zithunzi nditaima kutsogolo kwa mahotela a eni.

Ndipo ndinene pano, poti ndapatsidwa mpata. Ndinkabwera kumapemphero kuno ndikununkha, ndipo ambiri munkamva fungo. Palibe anandikokera pambali. Munkangosuntha mpando, kenako nkhani n'kumayenda pa WhatsApp. Zimenezo zinandipweteka kuposa mopu, ndipo zikundipwetekabe.

Nyumba yachitatu inali ku Al Twar, kwa anthu a ku Brazil. Bwana Renato, injiniya, anali atatenga mayi awo kwawo kuti adzawachite opaleshoni ya chiuno kuno, ndipo ankafuna munthu wowayang'anira. Ofesi imene inandipezera ntchitoyo inandiuza mosabisa kuti kuno ukakalakwitsa, khalas, ndiye kuti zatha, viza ikufufutidwa, ukukwera ndege. Ndinadziwa kuti ndatsala ndi khomo limodzi. Kubwerera ku Ndirande chimanjamanja, ndi mbiri yakuti wa zisudzo uja wasanduka chidakwa chenicheni, ndinkaona ngati bola kufa.

Mayiwo ankatchedwa Dona Marilda. Dona ndi ulemu wa kwawo, ngati mmene ife timanenera kuti Mayi. Anali wakuda ngati ine, wamtali, tsitsi loyera, ndodo m'manja, ndi pakamwa pakuthwa koopsa. Chizungu chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, choncho tinkamvana bwino. Musaganize kuti anali mngelo. Supu ikazizira ankamenya ndodo pansi mpaka galu wa oyandikana nawo kuuwa.

Kuchipinda kwawo kunali zithunzi khoma lonse. Apa avala chisoti chachifumu, apa akulira atagwada pasiteji, apa anthu aimirira akuwaombera m'manja. Koma zithunzi zambiri anali atavala epuloni, atanyamula thireyi. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinafunsa kuti, Dona, kodi munagwirako ntchito ya m'nyumba?

Anaseka moipa. "Moyo wanga wonse, mwana wanga, koma pa TV. Pasiteji ndinali mfumukazi. Ndikapita ku TV, amayang'ana khungu ili n'kundipatsa epuloni. Ndilowe ndi khofi, ndinene kuti inde madamu, ndituluke. Dziko lonse linkandidziwa, koma mumsewu ankandiitana ndi mayina a antchito aja."

Anandiuza kuti tsiku lina anakana epuloniyo, ndipo mafoni anasiya kulira. Anayamba kumwa. Anamwa mpaka tsiku limene anaima pamaso pa holo yodzaza mawu onse atawathawa m'mutu, mwana wawo Renato ali pampando wakutsogolo. Kuchokera pamenepo anasiya, ndipo panali patadutsa zaka zambiri asanalawe ngakhale dontho. Tsopano anzawo akale anali atawaitana kwawo kuti akaimenso pasiteji komaliza, m'sewero lolembedwera iwo. N'chifukwa chake ankalimbana ndi ndodo ija m'mawa uliwonse, kuti chiuno chilimbe akwere ndege.

Mukuganiza kuti ndinawauza kuti nanenso ndine wa zisudzo? Ayi. Ndinati inde madamu, n'kupitiriza kupukuta. Mumtima ndinkapsa. Ndinkati awa akudandaula thireyi ya bodza, pomwe ine ndanyamula yeniyeni.

Ku Al Twar kutuluka kunali kovuta, ndipo botolo langa la madzi linkatha msanga. Pabalaza panali kabati yagalasi, mmene Bwana Renato ankasungamo botolo limodzi la wisiki wodula, mphatso yochokera kuntchito kwawo. Iwo sankamwa kawirikawiri, polemekeza mayi awo. Ndinayamba ndi kachivindikiro kamodzi. Mowa utatsika, nzeru za ku Ndirande zinabwera zokha. Ndinaphika tiyi, ndinamusefa bwino, ndinamuziziritsa, n'kuthiramo mpaka mulingo wake. Mtundu ndinaufananitsa ndendende, poti ndi ntchito imene ndinaiphunzira. Ndinapitiriza choncho mpaka m'botolo muja munalibenso wisiki, munali tiyi yekhayekha.

Ndiye linafika Loweruka la tsiku lobadwa la Dona. Masana, nyama ikuwotchedwa kuseri, alendo a ku Brazil adzaza pabalaza, akulankhula onse nthawi imodzi monga amachitira. Ine ndikuzungulira ndi thireyi. Ndinangomva Bwana Renato akuti lero ndi tsiku lalikulu, titsegule botolo lija. Ndinawaona akutsegula kabati, akutenga botolo, akuika matambula patebulo. Ndinaona ndege, ndinaona bwalo la ndege la kwathu, ndinaona nkhope ya amayi anga. Ndinangoima pomwepo ndi thireyi yanga.

Anathira tambula yoyamba. Amene simunachitepo zisudzo simungadziwe, koma tiyi ukamuthira amachita kathovu kamene kamakhalitsa m'mbali mwa tambula. Wisiki satero, thovu lake limatha nthawi yomweyo. Palibe mlendo anaona zimenezo. Dona Marilda anaona. Anayang'ana tambula, anayang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti andigwira.

Bwana Renato akuti apereke tambulayo kwa mlendo, Dona anatambasula dzanja n'kuilanda. Anaimwa yonse kamodzi. Anatsinzina, anatsokomola, anadziguguda pachifuwa, misozi n'kulengeza, ngati munthu amene moto wamudutsa pakhosi. Ndaonapo anthu akuchita zisudzo, koma zoterozo sindinazionepo. Kenako anakumbatira botolo lija n'kunena mokweza kuti, "Tsiku ndi langa, botolo ndi langa. Aliyense amwe zake." Anadzuka ndi ndodo yawo n'kulowa nalo kuchipinda.

Bwana Renato, bambo wamkulu wa ndevu zake, anakhala pansi n'kuphimba nkhope. Iwo anaona mayi awo akubwerera kudzenje limene anatulukamo kalekale. Alendo anayamba kutsanzika mmodzimmodzi nyama isanapse.

Nditatsuka mbale ndinamva ndodo ikugunda pansi. Ndinalowa kuchipinda kwa Dona. Botolo linali patebulo, iwo atakhala tsonga, maso ali gwa.

"Tiyi wako wachepa mphamvu," anatero. "Unaphunzira kuti zimenezi?"

Ndinati sindikudziwa zimene akunena.

"Usandichitire sewero loipa m'chipinda changa. Wakhala ukuchita sewero la munthu wosaledzera chibwerere, ndipo umalichita moipa. Umayenda mowongoka kwambiri. Munthu wabwinobwino sasamala mapazi ake chotero. Ndakufunsa, unaphunzira kuti?"

Apo ndinaphulika. Sindinalire, ndinakalipa. Ndinaiwala Chizungu, ndinawakalipira m'Chichewa, ndi mawu anga onse aja a m'holo. Ndinawauza za ejenti, za ndowa, za inde madamu, za anthu amene ankandiimirira ku Ndirande. Ndinati inu mukulira epuloni ya pa TV, munkaivula madzulo n'kupita kwanu pagalimoto, ine yangayi ndimagona nayo. Ndinati ndani anakupemphani kuti mundipulumutse? Ndinalankhula mpaka mawu anasasa. Sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma sanaphethire.

Nditatha anati, "Eya. Ameneyo ndiye ndimafuna kumuona. Mawu otere ukuwamiza m'botolo? Ndiwe chitsiru, ngati mmene ndinalili ine." Kenako anati, "Ine mbali yanga ndachita. Sindimuuza Renato. Yako uidziwa wekha."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada pomwepo n'kulapa. Bodza. Ndinakhala chete, ndinasangalala kuti ndapulumuka, ndipo ofu yotsatira ndinapita kuchipinda cha mowa chija n'kukamwanso. Chimene chinanditembenuza ndi zimene ndinapeza nditabwerako. Bwana Renato anali atachotsa mabotolo onse m'nyumba, ngakhale vinyo wophikira. Anali ataimbira anthu a sewero ku Brazil kuti mayi sabwera, sali bwino. Anali akufunsa za chipatala cha anthu omwa. Ndipo anandiitana ine, ine amene, n'kundipempha kuti, "Esnart, chonde uziwayang'anitsitsa amayi, ukaona botolo undiuze. Ndimakukhulupirira."

Dona anali pampando wawo akumva zonsezo. Sanatsutse. Mayi amene anavutika zaka zonsezo kuti mwana wawo awakhulupirirenso, analola kutchedwa chidakwa, analola siteji yawo yomaliza ipite, chifukwa cha wantchito amene anawabera. M'mawa mwake sanadzuke kukayenda ndi ndodo. Anati palibe chifukwa.

Zimenezo sizinandimvetse chisoni, zinandikwiyitsa. Ndinadzikwiyira ndekha kuposa mmene ndinamukwiyira ejenti uja. Moyo wawo wonse anthu anawasenzetsa thireyi ya eni, ndipo ine, mkazi wakuda mnzawo, wa zisudzo mnzawo, ndinali nditawasenzetsa yanga. Ndinalowa kuchipinda kwawo, ndinatenga botolo lija m'kabati ya zovala mmene analibisa, ndinapita nalo kwa Bwana Renato ali pa kompyuta. Ndinathira m'kapu n'kunena kuti, bwana, lawani.

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinati lawani basi. Analawa. Analawanso. Nkhope inasintha pang'onopang'ono.

"Ndi tiyi," anatero.

Ndinati inde, ndi tiyi, ndinaphika ndine, ndipo wisiki wanu ali m'mimba mwanga. Amayi anu sanamwe kanthu.

Anakalipa, ndipo anali ndi ufulu wokalipa. Anati ndilongedze, akuimbira ofesi, viza ifufutidwe. Ndinapita kukalongedza. Ndili mkati ndinamva ndodo ikubwera m'khonde, ndi mawu a Chipwitikizi okhaokha, okwera ngati mvula ya matalala pamalata. Sindikudziwa zonse zimene anauzana. Chimene ndikudziwa n'chakuti Bwana Renato anabwera pakhomo panga maso ali ofiira, n'kunena kuti, "Amayi akuti pamene iwo anagwa, panalibe amene anawamwera tiyi. Ukhala mpaka iwo atakwera ndege. Ukadzamwanso kamodzi, khalas."

Tsopano mverani, inu amene mwabwera ndi vuto ngati langa, poti kusiya si nyimbo ya kwaya. Choyamba ndinapita kwa dokotala, Bwana Renato ndi amene anandiperekeza. Ndinkaopa kuti akandinyoza, koma anandiuza kuti thupi lozolowera mowa ukalisiyitsa mwadzidzidzi wekha likhoza kukugwetsa, ndipo anandithandiza kudutsa masiku a kunjenjemera ndi thukuta. Musachite manyazi ndi dokotala, manyazi sachiza. Kenako ndinabwera kwa Mayi Chisale n'kuwauza zonse ndi pakamwa panga, asanamve kwa ena. Iwo sanasunthe mpando. Tsiku la ofu ankandidikira pa siteshoni ya sitima ya metro n'kuyenda nane njira ina, kuti ndisadutse pa msewu uja. Nambala ya wogulitsa ndinaifufuta, ndipo mnzanga uja ndinamuuza kuti tizionana kutchalitchi kokha. Anandinena kuti ndayamba matama. Anene.

Botolo la madzi ndinalitaya, ndinagula loonekera mkati. Amayi anga ndinawaimbira n'kuwauza kuti zithunzi za mahotela zija zinali zabodza, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Iwo anati, "Ndiye unkaona ngati sitikudziwa?"

Koma chimene chinandigwira kwambiri ndi ntchito imene Dona anandipatsa. Ludzu langa linkabwera masana, ntchito ikatha. Nthawi imeneyo ankandiimika pakati pa chipinda. Ankandiphunzitsa kupuma kuchokera m'mimba, kuima, kutulutsa mawu osakuwa. Iwo ankayeserera mawu a sewero lawo, ine ndinkayeserera anga m'Chichewa, aliyense osamva za mnzake, koma ndikanama pang'ono ndodo inkagunda pansi. Ankati, "Mkwiyo usaumeze, ndiponso usautaye. Uimike pasiteji ugwire ntchito." Tsiku lina ludzu linandigwira koopsa mpaka ndinavala nsapato kuti ndituluke. Anakhala pakhomo ndi mpando wawo n'kunena kuti ndiyambe ndawadumpha.

Bwana Renato anaimbiranso anthu a sewero aja, Dona anakwera ndege, ndipo anakaima pasiteji yawo. Bwana Renato anandionetsa pafoni. Analowa ndi ndodo, opanda epuloni, holo yonse n'kuimirira iwo asananene kanthu. Anatsalira kwawo komweko kwa mwana wawo wamkazi. Pochoka anandipatsa botolo ili. Anati ndizilisunga lodzaza tiyi, ndipo tsiku limene ndidzafune kuthiramo china, ndiyambe ndawaimbira.

Pano ndimagwira ntchito ku kampani ina ku Dubai Investments Park, yochititsa masewero a ana m'mamolo, misika ikuluikulu ija. Mukufuna kudziwa mbali yanga? Ndimavala ngamila. Sekani, nanenso ndimaseka. Mkati mwa chinthu chimenecho mumatentha ngati uvuni, ndipo palibe amaona nkhope yanga. Zimandikwiyitsa, ndipo ejenti uja sindinamukhululukire, Mayi Chisale akundipemphererabe pa nkhani imeneyo. Koma ndimalowamo mutu uli bwino, ndimatulukamo mutu uli bwino, ndipo sewero la Khirisimasi la gulu lino ndikulemba ndine, m'Chichewa, mopanda wantchito wonena kuti inde madamu.

Ndimalize ndi ichi. Chilowereni muno ndakhala ndikukuyang'anani, poti wa zisudzo amayang'ana anthu. Alipo mmodzi pano amene walowa akuyenda mowongoka kwambiri. Chikwama chake sanachiike pansi ngati anzake, wachikumbatira pamiyendo, ndipo chingamu wasintha kale china. Musatembenuke! Ndati musatembenuke, ameneyo si wa pa WhatsApp wanu. Aliyense ayang'ane botolo ili.

Mchemwali wanga, sinditchula dzina lako, lero kapena mawa. Ndaona thovu m'tambula yako, ndipo ndakhala chete monga anandikhalira chete mayi uja. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Tikatha pano anthu akamatsika, ine nditsalira kukhitchini kutsuka makapu, ndipo nditsuka pang'onopang'ono. Ukabwere ngati ukudzandithandiza kupukuta.